Wamasiye wa Pansanja

"Chotsa anyezi wakoyo pamphuno panga, Bechan, ndisanakuswe mutu ndi chipandechi!"

"Amayi, tingoyesa basi. Ngakhale diso limodzi lokha."

"Ukayese amako ena. Ine ndinayamba kusenda anyezi iwe usanabadwe, maso anga anazolowera. Ukafuna ndilire undiuze kaye wamwalira ndani."

"Si bambo anamwalira?"

"Chaka chatha! Ndinalira, mudzi wonse wa Dhanukhi unamva, tinawotcha mtembo, ansembe anadya mpunga wathu mpaka kulephera kudzuka. Lero ndiyambirenso chifukwa Tribhuwan Babu akufuna mpando pachisankho?"

Mayi Lalpari anali pansi pafupi ndi mbaula yadothi, akutakasa mphodza mwaukali ngati mphodzazo n'zimene zawalakwira. Mpongozi wawo Kanchan ankakanda ufa wa chapati atazyolika, koma makutu ali tcheru. Bechan anaima pakhomo, anyezi kudzanja ili, foni kudzanja linali, nsalu ya chipani ili m'khosi ngakhale kunja kunkatentha ngati m'ng'anjo. Chiyambireni ntchito ya kampeni mnyamatayu ankayankhula ngati wailesi.

"Amayi, simukumvetsa. Masiku ano ndale ndi sayansi. A Madamu Ishita, amene abwera kuchokera ku mzinda wa Patna aja, anachita kukaphunzira zimenezi kunja. Msonkhano uliwonse timajambula nkhope za anthu, iwo n'kukaziunika pa kompyuta. Babu akanena za misewu, anthu amayasamula. Akanena za sukulu, amayamba kugula mtedza. Akati 'amayi anga osauka', amaimirira. Koma akangoti 'anthu akutsidya', eee, ngakhale nkhalamba zimayamba kufunafuna mwala."

"Ndiye mayiyo anachita kukwera ndege kukaphunzira kuti galu ukamuponda mchira amaluma? Akanangobwera kuno, ndikanamuphunzitsa ndi kapu imodzi ya tiyi."

Kanchan anatsokomola pofuna kubisa phwete.

"Akufuna wamasiye pansanja Loweruka la mawa," Bechan anapitiriza. "Munthu amene madzi osefukira anamulanda mwamuna. Inu mungokhala pampando, misozi pang'ono, basi. Zoyankhula ndi za Babu."

"Adzanena kuti bambo ako anafa bwanji? Adzanena kuti tonse tinali titakwera kale pamtunda, iwo atakhuta uchema n'kubwerera m'madzi kukakangana ndi njati yathu yoweta ija? Njatiyo inasambira n'kutipeza, ikudya udzu kuseriku. Adzanena kuti khoma lotchinga mtsinje wa Kosi linagumuka chifukwa mlamu wake wa Babu yemweyo analimanga ndi mchenga?"

"Amayi, tsitsani mawu!"

"Ndiope chiyani? Mudzi wonse ukudziwa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka." Anaika chipande pansi n'kumuloza ndi chala. "Ndipo umve. Mlongo wako Sulekha anakwatiwa kutsidya komweko. Mwezi wake ndi uno. Mwana woyamba amabadwira kwa amake, ndipo chipatala chili mbali ino. Lamulungu likudzalo Sahdev, woolotsa anthu padoko uja, amuolotsa pabwato. Ndiye ine ndikhale pansanja pamene munthu akutukwana apongozi a mwana wanga? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

Bechan anaponya anyezi uja m'dengu n'kutuluka. Kunangotsala phokoso la mphodza zikubwata.

"Amayi," Kanchan anatero chapansipansi, maso ali pa ufa, "mukakana, ntchito yatha. Amuna anga abwereranso ku Punjab kukakolola mpunga wa eni ake, azidzabwera kuno ngati mlendo wa pa chikondwerero. Ine ndatopa kugona ndi makoswe."

"Iwenso wayamba kampeni?"

"Ndangonena, Amayi."

Apa ndiye panali povuta. Mayi Lalpari pakamwa pawo panali tsabola, koma mtima unali wa nthochi yakupsa, ndipo m'nyumbamo aliyense ankadziwa pokanikiza.

Madamu Ishita anafika patapita masiku angapo, pagalimoto yoyera imene inatitimira m'matope kawiri isanafike pabwalo. Anali mtsikana wowonda, wa magalasi aakulu, waulemu wochita kuphunzira. Anawerama n'kugwira mapazi a Mayi Lalpari, kenako anayang'ana zala zake ngati akuganiza kuti azipukutire pati. Anamukhazika pabedi lazingwe pansi pa mango.

"Amayi, ndikufuna kumva za mumtima mwanu. Mukakumbukira malemu amuna anu, chimayamba kubwera n'chiyani? Chisoni, mantha, kapena mkwiyo?"

"Fungo la uchema."

Madamu anamwetulira mwa ntchito. "Chabwino. Nanga chachiwiri?"

"Mkonono."

"Amayi amakonda nthabwala," Bechan analowerera, thukuta lili kamukamu. "Mumtima ndi osweka kwambiri."

"Palibe vuto. Ndikufotokozereni, Amayi, kuti mudziwe kufunika kwanu. Ife tinafufuza. Mantha amatsekera anthu m'nyumba. Chisoni chimawakhazika pansi. Chimene chimawadzutsa kupita kokavota ndi mkwiyo. Koma mkwiyo suyaka wokha, umafuna chisoni chitsogole."

"Ngati ndowe zouma ndi palafini."

"Eya! Ndendende! Bechan, amayi akowa ndi anzeru." Anayang'ana nsalu ya sari yoyera imene Mayi Lalpari anavala polandira mlendo. "Koma iyi ndi yatsopano kwambiri. Mulibe ina yothaitha, yong'ambika pang'ono?"

"Mwana wanga, moyo wanga wonse ndakhala ndikubisa zigamba alendo akabwera. Lero zigamba zapeza msika?"

"Anthu amafuna kudziona okha mwa inu."

"Akadziyang'ane m'chitsime." Mayi Lalpari anacheuka. Kanchan anali ataima pakhomo la khitchini, maso ake akupempha. "Tamvera, Madamu. Ndibwera chifukwa cha ana angawa. Kulira sindilonjeza, ndipo pakamwa sinditsegula. Koma Babu wanuyo asakhudze anthu akutsidya. Kumeneko kuli mwana wanga, ndipo ndi woyembekezera."

"Babu sadzatchula dzina la munthu aliyense. Ndikulonjeza."

Analonjeza msanga kwambiri, ndipo Mayi Lalpari anakuona kufulumirako, koma anadziuza kuti mwina ndi mmene amayankhulira anthu a ku Patna. Madzulo ake Kanchan anaphika mpunga wamkaka, Bechan anawasisita miyendo amayi ake ndi mafuta a mpiru, chinthu chimene sanachitepo chikwatirireni.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero mayiwo, koma mwendo wachiwiri anaupereka ndithu.

Loweruka bwalo la sukulu linadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Mathirakitala anatuta anthu m'midzi yonse ya mbali ino ya mtsinje. Zinkuzamawu zinkalira nyimbo kuyambira m'mawa, ndipo Babu, monga mwa mwambo wa anthu akuluakulu, anachedwa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi Lalpari anawakweza pansanja n'kuwakhazika pampando wapulasitiki, sari yakale ili m'thupi, kamera itawaloza ngati mfuti.

Anthu a ku Patna anali ataganizira zonse: mbali yochokera dzuwa, kutalika kwa mpando, ngakhale botolo la madzi analichotsa kuti wamasiye asaoneke wosamalidwa. Pofuna kuti banja lioneke lathunthu, anakatenganso a Jiyalal, mkulu wawo wa malemu, n'kuwakhazika pamzere woyamba, maso ndi maso ndi nsanja. Aliyense wa ku Dhanukhi akanawauza kuti mkazi saonetsa nkhope kwa mkulu wa mwamuna wake, ngakhale atachita imvi, ngakhale mwamunayo atasanduka phulusa. Koma anthu ofufuza safunsa zinthu zazing'ono. Mayi Lalpari atangoona ndevu za a Jiyalal, dzanja linapita lokha kumutu, n'kukokera sari mpaka pachifuwa.

"Amayi, nkhope!" Bechan ananong'ona kumbuyo kwa nsanja. "Madamu akuti nkhope ioneke!"

"Ukawauze a Madamu akachotse atate ako aakuluwo."

Koma nthawi inali itatha. Ng'oma zinalira, Tribhuwan Babu anakwera, nkhata za maluwa zili mpaka m'makutu. Anali munthu wa mimba yotsogola, wa mawu okoma ngati a woimba pa ukwati. Anayamba motsitsa, ngati munthu wodwala.

"Abale anga. Alongo anga. Amayi anga osauka. Ine lero sindinabwere kudzapempha voti. Voti n'chiyani? Ndabwera kudzalira nanu."

Anatulutsa mpango n'kuugunditsa m'maso. Mayi Lalpari, amene anali pafupi, anamva fungo la mankhwala opaka a chimfine likuboola sari yawo. Posakhalitsa maso a Babu anafiira, misozi n'kuyamba kutsika bwinobwino, mbali zonse ziwiri.

"Onani mayi uyu. Akulephera n'kutionetsa nkhope. Mwamuna wake, m'bale wathu Mangnu, anali ndani? Anali mkango! Munthu amene tambala asanalire anali ali kale m'munda!"

Pansi pa sari, Mayi Lalpari anatukula nsidze. Bambo ake a Bechan ankadzuka dzuwa litawotcha matako, ndipo ngakhale pamenepo ankachita kuwakoka mwendo.

"Munthu amene pakamwa pake sipanalowepo dontho la mowa!"

Apa china chake chinayamba kuwakwera kuchokera m'mimba. Anachimeza. Chinabweranso. Analuma nsonga ya sari.

"Tsiku limene khoma linagumuka, ena akuthawa, Mangnu anabwerera. Anatsamira khoma ndi chifuwa chake, yekhayekha, kulimbana ndi Kosi! Ndipo mukudziwa mawu ake omaliza? Anati, 'Ndisiyeni ine, pulumutsani ana!'"

Mawu omaliza a bambo ake a Bechan anawamva ndi makutu awo, ndipo ananenedwa kwa njati: "Bwera kuno iwe mfiti, wafanana ndi apongozi anga!" Atakumbukira zimenezo, chingwe chinaduka. Phwete linawagwira, lija logwira munthu pamaliro kapena m'kachisi, limene ukamalikaniza ndi pamene limakula. Mapewa anayamba kugwedezeka. Anapinda msana, nkhope pamaondo, mpweya ukutuluka mwa kantchentche, hii, hii, ngati chitseko chadzimbiri. Misozi, imene anyezi analephera kuitulutsa, inatsika yokha mpaka kunyowetsa sari.

Bwalo lonse linati zii. Anthu ankaona wamasiye wophimba kumaso, wa sari yazigamba, akunjenjemera thupi lonse. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira mokweza, anzake n'kulandira. A Jiyalal, amene sanagwirizanepo ndi mng'ono wawo pa moyo wake wonse, ankapukuta m'maso ndi nsalu yapaphewa. Kumbali kwa nsanja Madamu Ishita ankakupiza dzanja kwa wojambula kuti asasunthe.

Babu anali katswiri, sanataye mpata. Anagwada, anagwira mapazi a Mayi Lalpari, n'kudzuka ali munthu wina. Mawu odwala aja anatha.

"Ndani anamuliza mayi uyu? Ine sinditchula dzina la munthu. Ndinalonjeza, sinditchula. Ndingofunsa funso. Khoma limagumuka lokha? Nanga bwanji tsiku limenelo kuno tinkasambira, koma kutsidya ankayanika mpunga padzuwa? Makasu amene anakumba khoma lathu anaoloka pa chiyani?"

Dzanja lake linaloza kumtsinje. Mitu yonse inatembenuka.

Kuseka kuja kunazima ngati nyale yothiridwa madzi. Mayi Lalpari anafuna kudzuka, kuvula chophimbacho, kukuwa kuti bodza. Koma a Jiyalal anali pomwepo, ndipo mkazi amene kwa zaka zonsezi sanakwezepo mawu pamaso pawo sakanatha kuyamba tsiku limenelo. Chimene anakwanitsa n'kutambasula dzanja n'kugwira malaya a Babu, kuwakoka kuti asiye.

Babu anagwira dzanjalo n'kulikweza m'mwamba.

"Mwaona? Akuti musawasiye! Akuti magazi a mwamuna wanga asapite pachabe!"

Phokoso limene linatuluka pabwalopo Mayi Lalpari anali asanalimvepo, ngakhale tsiku la madzi osefukira. Anachita mantha enieni.

Dzuwa lisanalowe, utsi unali utakwera kudoko. Anyamata anathira palafini mabwato onse amene anawapeza, akutsidya ndi akuno omwe, pakuti mkwiyo sufunsa mwini. La Sahdev linapsa limodzi ndi nkhafi zake. Amalonda awiri akutsidya amene anabwera kudzagulitsa mkaka anathawa chosambira, wina mutu ukuchucha magazi. Apolisi anafika mawa lake, natseka doko mpaka chisankho chidzathe, kenako anakhala pansi kumwa tiyi. Lamulungu limenelo Sulekha sanaoloke.

Pofika Lolemba, Mayi Lalpari anali m'foni ya aliyense. Anawaikira kanyimbo ka chitoliro, mapewa awo akugwedezeka pang'onopang'ono, kenako dzanja la Babu likuloza kumtsinje.

"Sindinkadziwa kuti zifika pamenepa," Bechan anatero, atakhala pakhonde, maso pansi. "Madamu akuti sanaonepo msonkhano wogwira mtima chotere. Akuti andikweza."

"Akukweze mpaka kumwamba ukapereke moni kwa bambo ako. Walira mvula walira matope. Waimbira mlamu wako?"

"Sakuyankha."

"Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ndipatse patapata wanga."

Anapita kudoko, pa kanyumba ka tiyi pamene amuna amakhala kukonza dziko. Anaonetsetsa kaye kuti a Jiyalal palibe, ndipo anaima nkhope ili poyera.

"Tamverani nonse. Tsiku lija ine sindinkalira. Ndinkaseka. Bambo ake a Bechan munkawadziwa, ena a inu munkamwa nawo. Anafa akutukwana njati. Khoma linagumuka chifukwa linali la mchenga, ndipo amene anatuta mchengawo ali pompano, akumwa tiyi."

Amunawo anayang'anana. Wogulitsa tiyi anapukusa mutu mwachifundo.

"Mayi wosaukayu. Chisoni chawasokoneza mutu."

"Kapena akutsidya awaopseza," wina anatero. "Mwana wawo ali m'manja mwawo. Mwaona nkhanza za anthu amenewa? Mpaka kumukakamiza wamasiye kunyoza mwamuna wake!"

"Ndikuti ndinkaseka, agalu inu!"

"Khalani pansi, Amayi, imwani tiyi. Ife tinaona ndi maso athu. Tinalira nanu."

Ngakhale Sahdev, amene anakhala pa chitsa cha bwato lake lakupsa, anangowayang'ana n'kutembenukira kumadzi. Anthu anali atalira, ndipo palibe amene ankafuna kumva kuti analira pachabe. Mayi Lalpari anabwerera kunyumba. Kanchan anawalandira pakhomo, ndipo kwa masiku otsatirawo m'nyumbamo munkamveka mbale zokha.

Foni inalira sabata yachiwiri, masana, Mayi Lalpari akudyetsa njati. Kanchan anathamanga nayo.

"Amayi, ndi Sulekha!"

Anapukuta manja pa sari, naigwira ndi manja awiri. "Mwana wanga! Uli bwanji? Bwanji osayankha masiku onsewa?"

"Anandilanda foni, Amayi. Iyi ndabwereka kwa mkazi mnzanga woyandikana naye." Mawu anali otopa, ochokera kutali. "Ndachira dzana. Ndi wamkazi."

"Ambuye! Wachirira kuti? Anakutengera kuchipatala?"

"Pa chiyani, Amayi? Msewu wozungulira kumlatho uli m'madzi. Ndachirira m'nyumba, ndi azamba a kuno. Zinavuta. Ndinkakuitanani mpaka mawu kutha, apongozi anga aakazi n'kumati, itana kwambiri, mwina akumva pa chinkuzamawu."

Mayi Lalpari anakhala pansi pomwepo, pa udzu wa njati.

"Amene anang'ambidwa mutu kudoko uja ndi mng'ono wawo wa amuna anga, Amayi. Kuno akundiitana mwana wa mayi wa pansanja. Pamaliro a bambo simunalire choncho. Munatani?"

"Sindinkalira, Sulekha. Ndikulumbira pa mutu wa mwana wakoyo. Ndinkaseka."

Chapatali, kuseri kwa mpweya wa Sulekha, kunamveka kamawu kakang'ono, kaukali, kakulira kofuna bere.

"Ine ndikukhulupirirani, Amayi. Ndinadziwa pomwe anati bambo sankamwa. Koma ndine ndekha kuno."

"Doko likatsegulidwa ndibwera. Ndidzagwada pamaso pa apongozi ako, ndidzawafotokozera. Kapena ubwere ndiwe, Bechan adzakutenga."

"Musabwere. Ndaimbira zimenezo." Sulekha anatsitsa mawu. "Apongozi anga aamuna alumbira pamaso pa mudzi. Akuti ine kumeneko sindipondako, inu kuno simupondako. Akuti mdzukulu wanuyu mudzamuonera pa foni, monga mmene iwo anakuonerani inu."

"Sulekha, taima kaye, ndimve mawu akewo. Muyandikize."

"Akubwera, Amayi."

Foni inaduka. Mayi Lalpari anakhalabe nayo pakhutu, akudikira ngati kamawu kaja kangabwerenso.